Zilombo kunja kwa mpanda wa Bill ndi Frank

Gawo lachitatu la sewero la pa kanema la The Last of Us linaulutsidwa koyamba pa wayilesi ya kanema ya HBO, ku America, pa 29 Januwale 2023, ndipo mkangano umene linabutsa pakati pa oonera sunazilale mpaka lero. Ine ndinalionera patapita masabata angapo, ndili pabalaza ndi achimwene anga aakulu, amene amakonda mafilimu oopsa kuyambira masiku amene tinkalipira timakobiri kuti tilowe m'nyumba zoonetsera mavidiyo kumsika. Titafika pamene amuna awiri a m'nkhaniyo anapsompsonana, achimwene anadzuka, nanena kuti, "Iwe, tadumphitsa zimenezi, ife tabwerera zilombo." Ndinawayankha kuti, "Achimwene, tadikirani tione kumene nkhaniyi ikupita." Sanadikire. Anatuluka panja, ine ndinatsala ndekha mpaka kumapeto, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikusinkhasinkha za mawu awo aja, chifukwa m'chiganizo chimodzi anaphatikiza madandaulo awiri amene oonera ambiri padziko lonse anali nawo: loti m'gawoli munali chikondi cha amuna okhaokha, ndi loti munalibe zilombo zokwanira.

Kwa amene sanaonere, nkhani yake ili motere. Seweroli linachokera ku gemu ya pa PlayStation imene kampani ya Naughty Dog inatulutsa mu 2013, ndipo analikonzera pa kanema ndi Craig Mazin pamodzi ndi Neil Druckmann, yemwe analemba gemuyo. M'nkhaniyi mliri ukugwa mu Seputembala 2003. Woyambitsa si kachilombo ngati ka Edzi kapena ka Covid ayi, koma mtundu wa bowa wotchedwa Cordyceps, umene umalowa m'thupi la munthu, n'kulanda ubongo wake, n'kumamuyendetsa kuti aziluma anzake. Bowa wa mtundu umenewu ulipodi m'nkhalango za m'mayiko otentha, kumene umagwira nyerere, kuzikweza pa tsamba, kuzilumitsa tsambalo mpaka zitafa, kenaka n'kuphukira pamutu pawo. Olemba anangofunsa kuti zingatani utaphunzira kukhala m'thupi lofunda la munthu. Amene agwidwa kwa nthawi yaitali nkhope zawo zimang'ambika ndi bowa, maso amatsekeka, ndipo amasaka anthu pomvetsera phokoso, uku akutulutsa kaliwu kothetheka kukhosi. Patapita zaka 20, bambo wina wouma mtima dzina lake Joel, amene anataya mwana wake wamkazi usiku woyamba wa mliri, akupatsidwa ntchito yoperekeza mtsikana Ellie, amene analumidwa koma sanadwale, kudutsa dziko la America.

Gawo lachiwiri linali litapatsa oonera zonse zimene amayembekezera: mdima wa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Boston, zilombo zosaona zija zikumvetsera pafupi, ndi imfa ya Tess, mnzake wa Joel. Ndiye gawo lachitatu, la mphindi zoposa 70, linangotembenuka n'kusiya Joel ndi Ellie pamsewu, n'kubwerera m'mbuyo kukatenga munthu wina, Bill, amene anaseweredwa ndi Nick Offerman. Bill ndi munthu wosakhulupirira boma kapena munthu aliyense, amene anabisala m'chipinda cha pansi pa nyumba yake pamene asilikali ankasamutsa anthu a m'tauni ya Lincoln ku Massachusetts. Onse atachoka, anatchinga dera lake ndi mpanda wamagetsi, anatchera misampha, anayatsa jenereta, nayamba kudya nyama ndi kumwa vinyo yekhayekha, akuonera pa kamera zilombo zikuphulika pa misampha yake. Mu 2007 munthu wamoyo anagwera m'mbuna yake. Anali Frank, woseweredwa ndi Murray Bartlett, wochokera ku Baltimore, wanjala, wopanda chida. Bill anamutulutsa, anamulola kusamba, anamuphikira kalulu, ndipo pa piyano ya malemu amayi ake a Bill, Frank anazindikira chimene Bill anabisa moyo wake wonse. Anakhala limodzi zaka 16.

Mkangano wa oonera unaonekera msanga pa tsamba la pa intaneti la mafilimu lotchedwa IMDb, pamene aliyense amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 10. Gawoli linalandira ma 10 ochuluka kwambiri, komanso ma 1 ochuluka kuposa magawo awiri oyamba aja, moti chiwerengero chake chinatsika ngakhale kuti akatswiri olemba za mafilimu m'manyuzipepala analitamanda pafupifupi onse. Mu Januwale 2024 Offerman analandira mphoto ya Emmy, yoperekedwa kwa ochita bwino pa masewero a pa kanema, chifukwa cha gawo lomweli, ndipo mwezi wotsatira, polandira mphoto ina, anayankha amene ankamufunsa chifukwa chimene nkhaniyi inakhalira ya amuna okondana okhaokha. Yankho lake linali lakuti iyi ndi nkhani ya chikondi basi, ndipo anawonjezerapo mawu achipongwe amene sindingawalembe pano. Ndimamvetsa mkwiyo wake, koma ndikuona kuti yankho limenelo linaika otsutsa onse m'thumba limodzi, pamene otsutsawo sanali amtundu umodzi.

Panali ena amene anangonyansidwa poona amuna awiri akugwirana manja, ndipo ananena zimenezo mosabisa. Amenewa ndimawadziwa bwino, popeza ndinakulira pakati pawo ndipo mbali ina ya mtima wanga inaumbidwa ndi iwo. Kwathu ku Malawi malamulo amaletsa kugonana kwa amuna okhaokha, chilango chake chimafika zaka 14 m'ndende, ndipo khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana kuchotsa malamulowo mu Juni 2024. Tonse amene tinali akuluakulu mu 2010 tikukumbukira mlandu wa Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anagamulidwa zaka 14 n'kukhululukidwa ndi pulezidenti Bingu wa Mutharika. Mawu amene timawamva m'minibasi ndi oti mathanyula, ndipo satchulidwa mwaulemu. Choncho sindinganame kuti pamene Bill ndi Frank anayandikizana ine ndinali womasuka ngati mmene ndikanakhalira akanakhala mwamuna ndi mkazi. Thupi langa linauma pang'ono, ndipo ndinayang'ana kukhomo kumene achimwene anatulukira. Chimene chinandigwira kuti ndisadzuke chinali manja a Bill, amene ankanjenjemera. Munthu amene anapha zilombo osaphethira, amene sanaope kutha kwa dziko, ankanjenjemera chifukwa munthu mnzake wamuona mmene alili.

Panali ena amene anakonda gemu ija ndipo anakwiya kuti nkhani yasinthidwa. Dandaulo ili lili ndi maziko, chifukwa kusinthako kunali kwakukulu. M'gemu Bill amakumana ndi Joel ndi Ellie ali moyo, amatukwanizana ndi Ellie moseketsa, amathawa limodzi m'sukulu yodzaza zilombo, ndipo Frank amangopezeka atadzimangirira, atasiya kalata yowawa yonena kuti ankadana ndi Bill. Zoti awiriwa anali pachikondi gemu imangozitchula mwapatalipatali, moti osewera ambiri sanazindikire n'komwe. Amene anadikira zaka khumi kuti aone Bill ndi Ellie akukangana pa kanema anamanidwa chinthu chimene ankachikonda, ndipo n'kulakwa kuwatcha onsewo adani a anthu okondana amuna okhaokha. Komabe ndinaona kuti ena ankagwiritsa ntchito dandaulo la gemu ngati chofunda, pakuti seweroli linasintha zinthu zina zambiri, monga chaka chimene mliri unayamba ndi njira imene bowa amafalira, koma zimenezo sizinawakwiyitse chomwecho.

Gulu limene landitengera nthawi yaitali kuliganizira ndi la achimwene anga, la anthu amene amati sewero loopsa liyenera kuopsa, ndipo ola lathunthu la amuna awiri akulima dimba, kupenta nyumba ndi kukangana za kutchetcha kapinga ndi kutaya nthawi. N'zoona kuti m'gawo lonselo zilombo zimaoneka pang'ono chabe: chimodzi chimene Ellie akuchipeza chitapanikizika ndi zigumukire pansi pa sitolo, ndi china chimene chikufa pa msampha wa Bill. Dandaulo lakuchepa kwa zilombo linamveka pa chigawo chonse choyamba cha magawo asanu ndi anayi, ndipo okonza seweroli analimva, nalonjeza kuti m'chigawo chachiwiri, chimene chinatuluka mu Epulo 2025, zidzachuluka. Munthu amene wagula data yake yodula kuti aone zoopsa ali ndi ufulu wodandaula akapatsidwa zina.

Koma ine ndikukhulupirira kuti achimwene analakwitsa pa chinthu chimodzi chachikulu, ndipo ndi chinthu chimene agogo athu ankachidziwa pofotokoza nthano za afisi ndi zimphona usiku pamoto. Chilombo pachokha sichiopsa kwa nthawi yaitali. Ukachiona kamodzi umadzidzimuka, kachiwiri umachiyang'anitsitsa, kachitatu umayamba kuona kuti ndi munthu wovala mphira kumaso. Chimene chimasunga mantha ndi mwana amene watsala yekha m'nyumba pamene fisi akugogoda pachitseko, mwana amene tamudziwa dzina ndi nyimbo yake. Bill wa mu 2003 analibe choopa, n'chifukwa chake zilombo zinali ngati zosangalatsa za pa chakudya chake chamadzulo, ndipo ifenso oonera sitinkamuopera kalikonse. Bill wa mu 2013, amene Frank anamutsogolera atamutseka m'maso kupita pa kamunda ka sitiroberi zimene anazidzala mobisa atasinthanitsa mfuti ndi mbewu, ndi munthu wina. Analuma chipatsocho n'kuseka ngati mwana, kenaka anauza Frank kuti sanayambe wachitapo mantha Frank asanabwere. Aliyense amene anagulapo sitiroberi kwa anyamata a m'mphepete mwa msewu wokwera phiri la Zomba akudziwa kuti ndi chipatso chosachedwa kuvunda, ndipo sindikukayika kuti anachisankha dala. Kuyambira pamenepo mpanda uja unaleka kukhala chinthu chodzitamira nacho, unasanduka chinthu chimene chingathyoke. Usiku umene achifwamba anabwera mvula ikugwa, Bill n'kuomberedwa pamimba, mtima wanga unagunda kwambiri kuposa mmene unagundira m'nyumba ya zinthu zakale ija.

Ndiye pali oonera ena, ambiri mwa iwo amuna okondana ndi amuna anzawo ndi akazi okondana ndi akazi anzawo, amene anadandaula kuchokera mbali ina kotheratu. Iwo anati: taonani, afanso. Kuti dandaulo ili limveke pafunika kukumbukira mbiri. Kuyambira 1934 mpaka m'ma 1960, mafilimu a ku Hollywood ankatsatira malamulo otchedwa Hays Code, amene ankaletsa kuonetsa poyera chikondi cha mtundu umenewu. Opanga mafilimu sanasiye kuchionetsa, koma anachibisa m'zilombo: mzukwa woyamwa magazi amene amakopa atsikana anzake, wasayansi wosakwatira amene amaumba munthu m'chipinda chobisika, chigawenga cholankhula monyang'wa. Kwa zaka zambiri, munthu wotere akafuna kudziona pa kanema ankadzipeza m'chilombo, ndipo chilombocho chinkayenera kuphedwa filimu isanathe kuti mudzi ugone tulo. Malamulowo atatha, chizolowezi chinatsala mwa njira ina: munthuyo amaloledwa kukhala munthu, koma akangopeza chimwemwe amafa. Oonera sewero la Buffy the Vampire Slayer anaona Tara akuomberedwa mu 2002 atangobwererana kumene ndi Willow, ndipo mu 2016 imfa ya Lexa, mtsikana wokondana ndi mtsikana mnzake m'sewero la The 100, inakwiyitsa anthu ambiri mwakuti nkhaniyi inafika m'manyuzipepala akuluakulu. Munthu amene wakula akuona zimenezi ali ndi chifukwa chokayikira nkhani ina iliyonse yothera pa maliro a amuna awiri.

Ndalilemekeza dandaulo limeneli, koma sindikugwirizana nalo pa nkhani ya Bill ndi Frank. M'dziko limene Sarah, mwana wa Joel, anafa ndi chipolopolo cha msilikali ali wamng'ono, limene Tess anafera m'moto atalumidwa, limene m'gawo lachisanu Henry akukakamizika kuombera mng'ono wake Sam, awiriwa anafika pokalamba. Sanalumidwe, sanasanduke, sanadyedwe. Frank anadwala matenda a minyewa amene seweroli silikuwatchula dzina, anayamba kuyenda pa njinga ya olumala, dzanja lake linaleka kugwira bwino burashi yopentera, ndipo Bill, imvi zili mbuu, ankamunyamula kumugoneka pabedi ndi kumuwerengera mapiritsi. Apa mpamene ndinalira, ndipo sindinalire chifukwa cha America. Ndinakumbukira zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa m'ma 2000, mankhwala otalikitsa moyo asanafike kwa anthu wamba, pamene pafupifupi banja lililonse kwathu linali ndi wodwala m'chipinda chakumbuyo ndiponso munthu mmodzi amene ankamusambitsa, kumutembenuza ndi kumumwetsa phala ndi sipuni. Tinkawatcha magadiyani akakhala kuchipatala, atagona pansi pa bedi la wodwala. Wotsogolera gawoli, Peter Hoar, ndi yemwenso anatsogolera It's a Sin, sewero la ku Britain la mu 2021 lonena za anyamata a ku London m'zaka zoyambirira za Edzi, ndipo dzanja lake lodziwa kudwazika likuoneka. Ntchito imene Bill ankagwira ndinaidziwa, ndipo sindinathe kuitcha dzina lina kusiyana ndi limene ndinkaitcha pamene azakhali anga ankaigwira kwa amuna awo.

Mapeto ake ndi ovuta, ndipo sindikufuna kuwapepusa. Frank akupempha tsiku limodzi labwino lomaliza: avale masuti, akwatirane pabalaza, adye kalulu monga tsiku loyamba, kenaka Bill amusungunulire mapiritsi m'vinyo. Bill akuchita zonsezo, koma akumwanso vinyo yemweyo, ponena kuti wakalamba, wakhutira, ndipo Frank ndiye anali cholinga cha moyo wake. Monga munthu wopemphera, kudzichotsera moyo sindikuvomereza, ndipo ndikumvetsa oonera amene anati seweroli linakukongoletsa kwambiri ndi nyimbo zokoma ndi kuwala kwa makandulo. Pa madandaulo onse, ili ndi limene ndimalitenga kukhala lolemera, ndipo n'zodabwitsa kuti ndi limene linamveka pang'ono kuposa ena onse. Anthu anakangana kwambiri za kupsompsonana kwa pa piyano kuposa za chikho cha vinyo chija.

Amene anati gawoli silinapititse nkhani patsogolo anaiwala kalata. Joel ndi Ellie atafika ku Lincoln anapeza maluwa atafota, chakudya chitaola patebulo, ndi kalata imene Ellie anaiwerenga mokweza. Bill analemba kuti kale ankadana ndi dziko ndipo anakondwa anthu atafa, koma analakwitsa, chifukwa panali munthu mmodzi woyenera kupulumutsidwa, ndipo anthu ngati iye ndi Joel ntchito yawo ndi imeneyo. Anamusiyira zida ndi galimoto kuti ateteze Tess, osadziwa kuti Tess wafa kale. Ellie anaima pa dzinalo osalitchula. Joel anatuluka panja, ndipo atabwerera anavomera kumutenga mtsikanayo ulendo wautali. Zonse zimene Joel akuchita m'gawo lomaliza, m'chipatala cha ku Salt Lake City, pamene akupha anthu ambiri kuti apulumutse mwana mmodzi, zinadzalidwa ndi kalata imeneyi. Chikondi cha Bill sichinali chofewa chokhachokha. Chinali ndi mpanda wamagetsi ndi misampha yamoto, ndipo seweroli likufunsa ngati chikondi chotere sichingasandutse munthu kukhala choopsa kwa ena onse okhala kunja kwa mpandawo. Funso limeneli ndi la sewero loopsa ndithu, ndipo linadutsira mwa amuna awiri aja.

Pali chinthu chinanso chimene sindingachisiye. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafala ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu angapo anaphedwa ndi magulu a anzawo powaganizira kuti amapopa magazi usiku. Palibe namapopa amene anapezeka. Amene anapezeka ndi mitembo ya alendo ndi anthu amene ankaoneka osiyana ndi ena. Timadziwanso za agogo okalamba amene amawotcheredwa nyumba powatcha afiti. Tikamalankhula za zilombo za pa kanema tisamaganize kuti ndi nkhani ya azungu yokha, pakuti ntchito yoloza munthu chala n'kumuchotsa pa gulu la anthu timaidziwa, ndipo tikudziwa kuti ikangochitika, chilichonse chomuchitira munthuyo chimaoneka chololedwa. Kwa zaka zambiri mafilimu oopsa anathandiza kuloza chala chimenecho kwa anthu onga Bill ndi Frank. Gawo ili linangowaika mkati mwa mpanda, mbali ya anthu, zilombo zili kunja, ndipo ndikuganiza kuti kwa oonera ena chimenechi ndicho chinali chosapiririka, ngakhale kuti iwo anachitcha kusowa kwa zilombo. Umboni wake unabwera m'gawo lachisanu ndi chiwiri, lonena za Ellie ndi mnzake Riley m'nyumba ya masitolo yosiyidwa, mmene muli chilombo choopsa ndithu, kulumidwa ndi magazi, koma nalonso linalandira malikisi otsika kuchokera kwa anthu ambiri atsikana awiriwo atapsompsonana.

Achimwene anapitiriza kuonera magawo otsatira, ndipo anakondwa kwambiri ndi chimphona chotupa chija chimene chikutuluka pansi pa nthaka ku Kansas City. Gawo lachitatu sanalionerebe. Tsiku lina, titamaliza gawo lomaliza, anandifunsa kuti galimoto ija Joel anaipeza kuti, ndipo chifukwa chiyani anasintha maganizo pa za mtsikanayo pamene poyamba ankamuona ngati katundu. Ndinawafotokozera za mbuna, za kalulu, za sitiroberi, za njinga ya olumala ndi za kalata. Ndinawauzanso kuti Bill analemba kuti asalowe kuchipinda chogona, ndipo anasiya zenera lotsegula kuti nyumba isanunkhe, ndi kuti kamera sitionetsa mitembo yawo. Imangoima mkati mwa chipindacho, katani likuuluzika pang'ono ndi mphepo, galimoto ikuzimiririka patali. Achimwene anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anafunsa kuti, "Ndiye anamudwazika yekha zaka zonsezo, popanda wachibale aliyense?" Ndinati, "Eya, achimwene, yekha."